Mabuleki a pa Sabata

Dingani Ng'andu anali pakati pa mzere wa magalimoto pa msewu wa Burma, akukwawa kulowera kwawo ku Kabwata, pamene foni inalira. Dzina la mwini wake analifufuta kalekale, koma nambalayo maso ake anaizindikira asanafike n'komwe kumapeto kwake.

"Dingani, ni Cheryl. Usadule."

"Sinidula. Uli shani?"

"Nili chabe. Ninakuona dzulo pa maloboti ya ku Longacres, mu pikapu yoyela. Ni yako olo wabweleka?"

"Ni yanga. Ninagula kuli mudala wina wa ku Makeni."

"Ndiye vamene nenze kuopa. Patuka uime, unibelengele nambala ili pa kachitsulo ka pa chitseko."

Cheryl Katongo ndi Dingani anatsala pang'ono kukwatirana. Sanasiyane ndi ndewu ayi. Chikondi chawo chinangozirala ngati tiyi woiwalika pa tebulo, mpaka onse awiri anaona kuti palibe wofuna kumwa. Cheryl ankagwira ntchito pa kauntala ya kampani ina yogulitsa ndi kukonza magalimoto m'tauni, ndipo Dingani ankazungulira msewu wina dala kuti asamaone chikwangwani chake.

Anapatuka pafupi ndi mayi wowotcha chimanga, nawerenga nambala ija. Kumbali inayo kunamveka zala zikugogoda pa kompyuta.

"Ilimo," anatero Cheryl. "Fakitale yaitana mamotoka yonse ya mtundu uyu kuti yabwelele. Paipi ya mafuta ya mabuleki ya kumbuyo anaiika pafupi maningi na chitsulo, manje imadyeka pang'onopang'ono. Mu tauni suzamva kanthu. Koma tsiku lina pa mtsetse, uli na katundu, uzaponda buleki, mwendo uzafika pansi."

"Nanga n'chifukwa chani sananiuze?"

"Uthenga unapita kuli mudala wako wa ku Makeni. Ise tiziba wamene anagula poyamba. Kukonza ni kwaulele, koma mapaipi yabwela yang'ono. Malo yasala ni ya pa Chiwelu chabe, Loweruka lino. Ukaphonya, siniziba yena yazabwela liti."

Dingani anayang'ana phazi lake pa buleki. Lolemba lomwe linkabweralo anayenera kunyamula Yande, chibwenzi chake, pamodzi ndi makolo ake, kutsika nawo mapiri a msewu wa ku Siavonga, kumene malole amapezeka atagona chagada m'mbali mwa msewu.

"Cheryl, zikomo."

"Usanithokoze. Bwelesa chabe motoka."

* * *

Yande Kampamba anali mwana wa mkulu wa mpingo wa Sabata ku Chelstone. Dingani anali wa Pentekosite, wa ng'oma ndi magitala, ndipo ba Kampamba anakhala nthawi yaitali akukana ngakhale kumva dzina lake. Tsopano, amayi a Yande atawanyengerera mpaka kutopa, mdalayo anatsegula zitseko ziwiri nthawi imodzi: mnyamatayo abwere Loweruka adzapemphere nawo ndi kudya nawo, ndipo Lolemba awaperekeze ku Siavonga kwa azakhali a Yande, mayi amene mawu ake pa nkhani ya ukwati sankabwezedwa.

Madzulo amenewo Dingani anamufotokozera Yande zonse ali m'pikapu momwemo, kunja kwa msika wa Kabwata, akugawana chimanga chowotcha.

"Lusaka yonse iyi," anatero Yande, "mamotoka yonse aya, maso ya Cheryl yanagwela pa yako chabe?"

"Ni nchito yake."

"Nchito yake ni kukhala pa kauntala, osati kupenda ma pikapu pa maloboti. Anaona iwe. Motoka anaiona pambuyo."

"Manje ufuna nimukane? Ninyamule iwe na ba mayo na ba tata pa mapili yaja na paipi yodyeka?"

Yande anatonongola njere zingapo, naziyang'ana m'dzanja ngati zili ndi yankho.

"Awe. Peleka. Ukamuuze zikomo. Zikomo imodzi, yopanda mchila."

"Yopanda mchila."

"Upeleka liti?"

"Pa Chisanu."

Sananame. Anali atakonza kale nzeru yake: akasiya galimoto Lachisanu masana, amakaniko adzaikonza Loweruka iye ali m'tchalitchi, Lolemba m'mawa adzaitenga. Anadziona wochenjera kwambiri moti sanaone kuti panatsala china choti anene.

"Ndiye dzuwa ikalowa pa Chisanu uzimye foni," anatero Yande. "Ba tata akamva foni ilila pa Sabata, nkhope yawo imakhala monga chitseko cha ku khoti. Uvale tayi. Ndipo usaombe m'manja poimba."

"Olo pang'ono?"

"Olo na chala chimodzi, Dingani."

* * *

Pa kampani paja pansi pankawala ngati pothiridwa madzi. Magalimoto atsopano anaima m'kati mwa magalasi, ndipo Dingani anachita manyazi ndi fumbi la pikapu yake. Cheryl anatuluka kuseri kwa kauntala atavala yunifolomu yabuluu, nazungulira galimotoyo akujambula ndi foni paliponse pamene panali pokalika.

"Wanenepa," anatero osamuyang'ana.

"Ni shati."

"Shati siimela masaya. Chosa vintu vako mu motoka, makiyi unipase. Ubwele mailo, pa Chiwelu m'mawa, uzayembekezele, tili na kofi."

"Mailo sinizakwanisa. Nizatenga pa Mande. Nili ku chalichi na makolo ya Yande, ku Chelstone."

Cheryl anaimitsa dzanja m'malere, makiyi akulendewera.

"Pa Chiwelu? Ni ba Sabata?"

"Ee. Atate ake ni mkulu wa mpingo."

"Ndipo aziba kuti motoka ikonzedwa mailo?"

"Azakondwela. Ni chifukwa cha beve nikonzesa."

Cheryl anayang'ana ku galaja, kumene magalimoto anali atandandalika mpaka kugeti, kenaka anayang'ana Dingani monga mmene mayi amayang'anira mwana wovala nsapato mosemphanitsa.

"Yenda," anatero. "Ukavale tayi."

"Yande ananituma kuti nikuuze zikomo."

"Anakutuma? Ndiye wafikisa. Yenda."

* * *

Loweruka Dingani anakwera minibasi mpaka ku Chelstone, tayi itamukola pakhosi. M'tchalitchi anakhala manja ali pa mawondo. Nyimbo zinali zopanda ng'oma, koma mawu a anthuwo ankakwerana bwino moti nthawi ina anapezeka akugwedeza phazi, mpaka Yande anamuyang'ana kuchokera ku kwaya. Phazilo linaima.

Kunyumba chakudya chinali chophikidwa dzulo lake: mpunga, nyemba, masamba otendera ndi nthochi. Amayi a Yande ankamuwonjezera asanamalize. Ba Kampamba anali munthu wamtali, wa imvi zometedwa bwino, wodya mosafulumira. Anamufunsa za makolo ake, za ku Kabwata, za ulaliki wa tsikulo, ndipo Dingani anayankha osapunthwa. Anaona Yande akumwetulira m'mbale mwake.

"Nanga motoka ija timamva mbili yake ili kuti?" anafunsa mdalayo. "Naona mwabwela na minibasi."

Apa Dingani anawongoka. Anafotokoza za fakitale, za paipi, za mapiri a ku Siavonga. Anamaliza monyadira.

"Ndiye ninaisiya mailo pa Chisanu, ba tata. Pamene tikamba pano, ali mkati kuikonza."

Supuni ya amayi inaima. Yande anatseka maso.

"Pamene tikamba pano," anabwereza ba Kampamba.

"Ee mukwai."

"Lelo."

Mdalayo anapukuta pakamwa, napinda kansalu kake bwinobwino.

"Mwana wanga, lamulo la Sabata silikamba za iwe weka. Likamba za mwana wako, wanchito wako, ngakhale mlendo ali mkati mwa geti yako. Iwe wakhala pa benchi kuimba na ise, wavala na tayi, pamene mwana wa munthu wina wagona pansi pa motoka yako na sipanala chifukwa iwe wamutuma. Wapumula na msana wa mnzako."

"Ba tata, beve amasebenza pa Chiwelu masiku yonse, olo ine nisapeleke..."

"Ivo ni vao na Mulungu wao. Ine nikamba va motoka yamene ufuna nikwele." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Pa Mande tizayenda na basi. Atatu."

Mawu akuti atatu anagwa pa tebulo ngati mwala. Ulendo wopanda Dingani unatanthauza azakhali osamuona, ndipo azakhali osamuona kunali kutha kwa nkhani. Dingani akanatha kunena kuti walakwitsa tsiku. Bodzalo linafika mpaka pa lilime, lokonzeka, losalala.

"Ba tata, nalakwa, sinenze kuziba," anatero m'malo mwake. "Koma nisaname. Nikanaziba, nikanabwela kukufunsani poyamba, ndipo mukanakana nikanapempha kuti ulendo uime. Kukunyamulani na paipi ija sinikanachita. Bwino munikalipile muli moyo."

Ba Kampamba anamukankhira mbale ya nthochi.

"Va motoka sitikamba pa Sabata," anatero. "Tizakamba dzuwa ikalowa. Idya nthochi."

* * *

Masana amenewo anatalika ngati msewu wa ku Mongu. Mdala anagona pa mpando Baibulo lili pachifuwa. Dingani ndi Yande anakhala pakhonde, mpata wa munthu mmodzi uli pakati pawo, amayi akuwaonera pa zenera.

"Unaniuza kuti pa Chisanu," ananong'ona Yande.

"Ninati nipeleka pa Chisanu."

"Munthu akati nipeleka nsapato kuli wosoka pa Chisanu, ine niganiza asoka pa Chisanu. Sembe unaniuza, sembe ninakuchenjeza." Anakoka ulusi wa pa siketi yake. "Ndipo ndani anakupasa tsiku ya Chiwelu? Si Cheryl?"

"Ndiye malo yanasala."

"Ndiye vamene anakuuza. Unamuuza kuti ubwela kuno?"

"Ninamuuza."

"Anakamba chani?"

"Anati nikavale tayi."

Yande anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Wakutchela, Dingani. Wakukonzela mabuleki, wakuonongela ukwati, ndipo iwe wamuuza zikomo. Zikomo yanga futi."

M'mtima Dingani anakumbukira nkhope ya Cheryl ikuyang'ana ku galaja, ndipo sanadziwe kuti aiwerenge bwanji.

* * *

Dzuwa litabisala kuseri kwa mitengo ya mapeyala ya aneba, banja linaimirira pabalaza, linaimba nyimbo imodzi, mdala napemphera kutseka Sabata. Atangoti ameni, amayi anayatsa wailesi ya kanema, ndipo Dingani anayatsa foni. Inanjenjemera m'manja mwake. Mauthenga anali a Cheryl, onse a Lachisanu madzulo, iye atazimitsa kale foni msanga poopa kuiwala.

Woyamba unati: "Motoka yako yasila. Ninapempha ba foromani tisinthanise na lole ya kampani ina yamene siili pa changu. Anadandaula koma anavomela."

Wachiwiri: "Waiwala kuti ine ninakulila mu nyumba ya ba Sabata? Mdala uyo sakanakwela motoka yokonzedwa mailo. Nenze nikalibe kukuuza chifukwa sinenze na chitsimikizo. Foni yako siipita."

Pansi pake panali chithunzi. Pikapu inaima pabwalo la kampani, dzuwa lisanalowe, likuwala pa galasi, ndipo pa boneti panagonekedwa paipi yakale. Pakati pake panali poperepeseka mpaka kuoneka ulusi wa m'kati, popyapyala ngati khungu la anyezi.

Dingani anapereka foni kwa Yande. Yande anawerenga, nabwereza, kenaka anaipereka kwa atate ake ndi manja awiri. Mdala anavala magalasi. Anawerenga mauthenga, koma pamene anakhalitsa ndi pa chithunzi. Anachikulitsa ndi zala, nachiyandikiza kumaso.

"Aka ndiye kakanatitsitsa pa mapili yaja?"

"Ee mukwai."

"Bana Yande, bwelani muone."

Amayi anaona, nakhala pansi pa mkono wa sofa, dzanja lili pachifuwa.

"Pa mapili paja nipamene anafela ba Kapembwa, wamene tenze kuimba nao kwaya," anatero motsitsa. "Nayonso inali nkhani ya mabuleki."

Ba Kampamba anavula magalasi.

"Masana nenze sininagone," anatero. "Nenze kuganiza. Munthu wofuna mwana wako amakuuza vamene ufuna kumva. Uyu ananiuza vamene sinifuna, pa tebulo yanga, na nyemba zanga mkamwa. Nenze nikalibe kuziba chochita naye. Manje Mulungu watuma mwana wa eni kuti anichosele mwala mu nsapato." Anatembenukira kwa Dingani. "Pa Mande tiyenda anayi. Tikabwela, ngati ba senge, azakhali ake Yande, sanakupeze na chilema, uuze akwanu abwele na mbale."

Kwa Abemba, mwamuna wofuna mkazi amatumiza nkhoswe ndi mbale ziwiri zovundikirana, m'kati muli kamphatso kochepa. Amati insalamu. Makolo akazilandira, ndiye kuti mwanayo wasungidwira iwe, ndipo nkhaniyo imakhala yamoyo mpaka mbalezo zitabwezedwa. Dingani anatsika pa mpando, nagwada, naomba m'manja mofatsa. Palibe amene anamuletsa.

"Natotela, ba tata. Zikomo."

"Usathokoze ine. Uyu mwana wa ku kampani ndiye wofunika zikomo. Pa Mande tiyambila kwamene uko, nikamugwile chanza neka."

Pomuperekeza ku geti, Yande anamugwira kamphindi pa mkono wa shati.

"Ninamunenela voipa," anatero. "Nizamuuza zikomo yanga neka. Yokhala na mchila, kapena waung'ono."

* * *

Lolemba m'mawa anafika pa kampani onse anayi pa takisi, ndi zikwama, thumba la mbatata ndi chigubu cha madzi. Pikapu inali itatsukidwa, ikuwala pafupi ndi geti ngati nayonso yaitanidwa ku ukwati. Cheryl atawaona anatuluka kuseri kwa kauntala, napinda mawondo pamaso pa akuluakulu.

Yande ndiye anayamba. Anamugwira dzanja.

"Ndine Yande. Watithandiza maningi. Zikomo."

"Palibe kanthu," anatero Cheryl. Anayang'anana kamphindi, aliyense akuyeza mnzake kuyambira tsitsi mpaka nsapato, koma manja sanataye msanga.

Ba Kampamba anali wosangalala moti anaika dzanja pa phewa la Dingani, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwana wanga," anatero kwa Cheryl, "wasunga miyoyo inayi, wasunga na Sabata ya anthu ena. Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa ba Katongo, ku Chilenje, mukwai."

"Ba Katongo ati? Aja amayi a gulu la Dorika ku chalichi, ovala magalasi, oimba alito?"

"Ni ba mayo."

Mdala anaseka, natembenukira kwa mkazi wake.

"Mwamva? Ni mwana wa ba Beatrice. Nimawaziba bwino amako, timakumana ku misonkhano ya chigawo. Ndiye ndiwe wamene anatipempha kuti tikupemphelele." Anatsitsa mawu, koma osati mokwanira. "Anatiuza kuti mnyamata wina anabwelesa mbale, bazilandila, ndiye anangozimilila. Mbale zikali pamwamba pa kabati, anthu ena akabwela kufunsila amako awabweza. Nkhani ija inasila bwanji?"

Dingani anamva pansi powala paja pakumuterera. Pamene ankasiyana ndi Cheryl, amalume ake a Dingani, nkhoswe yomwe inakapereka mbalezo, anati adzapita ku Chilenje kukatseka nkhaniyo mwamwambo. Mwezi womwewo anawasamutsira ku Mansa pa ntchito. Dingani sanafunsenso. Ankaganiza kuti chinthu chimene anthu awiri asiya chimatha chokha.

"Ikalibe kusila, mukwai," anatero Cheryl, maso ali pa makiyi m'dzanja lake. "Ba mayo amati mbale sizibwelela pa foni."

"Akamba zoona. Anyamata a masiku ano." Ba Kampamba anapukusa mutu. "Iwe watichitila chabwino, naine nizakuchitila. Nipase dzina yake. Nizamusakila neka, olo akhale ku Mansa, abwele akwatile olo atenge mbale zake monga munthu wolelewa."

"Ba tata, nthawi ipita, mseu ni utali. Makiyi aya," anatero Cheryl.

"Mseu suthawa. Dzina."

Cheryl sanayang'ane Dingani. Anayesetsa ndithu kusamuyang'ana, ndipo kuyesetsako n'kumene Yande anaona. Yande anayang'ana Cheryl, kenaka anatembenukira kwa Dingani pang'onopang'ono. Anatsitsa chikwama chake pansi.

"Muyankhile iwe, Dingani," anatero ndi mawu ofatsa. "Ba tata afunsa."

Dzanja la mdala linali likadali pa phewa lake.